Mlendo wa Kuseri kwa Bafa

Yelesani atabwerako ku Nakala ulendo womaliza wa chaka chija
anatsitsa zinthu ziwiri m'thiraki:
kamtengo ka masamba atatu m'chigubu cha saladi chodula kukamwa,
ndi kamtsikana kogwira thalauzi lake,
mphuno yomweyo, makutu omwewo.
Sindinafunse. Maso ndili nawo.

Za kamtengo ndiye analongosola:
ati ndi m'bale wa fenesi, kugombe amati chipatso cha buledi,
kamakonda madzi, kamadana ndi chisanu.
Za mwana anangoti,
"Dzina ndi Anifa. Amake tinaika Lachiwiri."

Ndinakabzala kuseri kwa bafa
kumene madzi a sopo amathera.
Ndinkati kafe kokha,
ine manja anga akhale oyera.

Juni wa kuno ku Kapata sasekerera alendo.
Mphepo yotsika ku Kanjala inawaula masamba,
m'mphepete mukuda ngati nsalu yopsa ndi simbi.
M'mawa wina ndinapeza kamtengo katavala juzi,
yofiira ija ndinagula ndekha pa salaula,
mwini wake ali chilili pambali, mano akugundana.
Ndinamukalipira.
Kenako ndinalowa m'nyumba
kukatenga masaka awiri a feteleza ndi chingwe.

Zaka zisanu ndi chimodzi.
Mbuzi za a Sakala zinaudya kawiri.
Chiswe chinayesako.
Mipopi ikauma mu Okutobala tinkatsikira ku Lunkhwakwa,
ndowa ya pakhomo pamutu panga, kandowa ka mtengo pamutu pake.
Chinenero cha amake chinamuthothoka liwu ndi liwu
monga mano a ubwana,
ndipo tsiku limene anayamba kunditcha amama
sindilikumbuka.
Yelesani miyendo inatupa, thiraki eni ake anatenga.

Chaka chino wabala. Zinayi zokha,
zobulungira ngati mutu wa khanda,
khungu lolembalemba ngati chigoba cha fulu.

Choyamba tinachidikira chipse ngati papaya.
Chinagwa chokha, phwa!
ntchentche zinachita ukwati.
Chachiwiri ndinachisenda chachiwisi,
utomoni unamata mpeni, zala, chitenje,
ndinaluma, ndinalavula.
Amake Dailesi anasuzumira pampanda:
"Zaka zonsezi, anzanga, mumathirira mthunzi?"

Chachitatu Anifa anathyola yekha, osapempha.
Anachikhazika chathunthu pa mbaula,
ndi khungu lomwe, pamakala ofiira.
Ndinati, iwe mwana, ukuwononga.
Sanayankhe.
Ankachitembenuza ndi timitengo tiwiri
mpaka chinada bii, nthunzi ikulira pa phesi,
ndiye anapala mwaye ndi chivindikiro cha chitini
nang'amba pakati.
Mkati moyera, mofewa,
fungo lake pakati pa chinangwa chootcha
ndi buledi wotentha wa kusitolo za amwenye.

"Unaphunzira kuti zimenezi?"
Anayang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina.
"Kaya. Kunali mchenga.
Wina ankakupiza moto ndi mbale yabuluu.
Ankathira madzi oyera a kokonati."

Ife tinathira saladi ndi mchere.
Yelesani anadya atayang'ana kukhoma.

Inenso ndinadya, ndinapempha china.
Mkazi amene sindinamuonepo nkhope,
amene ndamutukwana potsuka mbale, pokolopa, ngakhale m'tchalitchi,
anandipakulira madzulo amenewo
ndi manja amene ndimawenga zikhadabo ndine.

Chachinayi chikadali m'mwamba.
Amake Dailesi afunsa kawiri kuti ndi zingati.
Ndati mwini wake ali kusukulu, mubwerenso.

Dzulo posesa ndaona muzu
utadutsa pansi pa bafa, utatulukira kumpanda,
ndipo pamenepo pali mphukira, masamba awiri.
Saladi watsala pang'ono m'chigubu.
Ndauza onse m'nyumba muno:
akatha, chigubu musataye.